Zomwe ndinakumana nazo pophunzira za milandu ndi chuma cha masiye cha Ahindu ku India

Anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp za sukulu ya zamalamulo ku India, ena apeza sikolashipu ya ICCR, bungwe la boma la India, ena makolo akuwalipirira okha, nde mmalo moyankha mmodzimmodzi ndangoti ndilembe kamodzi aliyense awerenge. Funso limangokhala lomwelija, eti ndi maphunziro ati amaluma. Kwa ine anali awiri, ndondomeko yozengera milandu yaupandu ndi Family Law II, yomwe mbali yake yaikulu ndi kagawidwe ka chuma cha masiye m'mabanja a Ahindu. Awiriwa simungawazembe ayi, ali pa maphunziro okakamiza a Bar Council of India, bungwe loyang'anira maloya ndi maphunziro a zamalamulo kumeneko, kaya mukuchita LLB ya zaka zitatu kaya ija ya zaka zisanu. Ine ndinali ku Pune m'chigawo cha Maharashtra, nde zina zomwe ndinene pano ndi za kumeneko, India ndi dziko lalikulu ndipo zigawo zimasiyana tinthu tina ndi tina.

Ukawaona koyamba maphunziro awiriwa amakhala ngati alibe chibale, lina za apolisi lina za agogo ndi minda yawo. Koma onse ali ndi khalidwe limodzi loipa, yankho limasintha kutengera deti. Funso la mayeso likabwera musanayambe n'komwe kuganiza za ndime, sakani kaye deti mkati mwa nkhaniyo mulembe mzere kunsi kwake. Aphunzitsi amalibisa dala pakati pa chiganizo, munthu uli busy kumvera chisoni mayi wamasiye wa m'funsomo osaona kuti mwamuna wake anamwalira chaka chanji, pomwe mamakisi onse agona pamenepo.

Ndiyambe ndi za milandu. Ife tinagwa m'nyengo yovuta kwambiri kukhala mwana wasukulu ya malamulo. Tinayamba ndi Code of Criminal Procedure ya 1973, aliyense amangoti CrPC, ya ndime 484, maloya akuluakulu anakulira momwemo moti ukawadzutsa pakati pa usiku nkuwafunsa 438 akuyankha asanatsegule maso. Kenako mu Disembala 2023 nyumba ya malamulo inavomereza malamulo atatu atsopano ndipo pa 1 Julayi 2024 anayamba kugwira ntchito. Indian Penal Code ya 1860 inalowedwa mmalo ndi Bharatiya Nyaya Sanhita, Evidence Act ya 1872 ndi Bharatiya Sakshya Adhiniyam, CrPC yathu ija ndi Bharatiya Nagarik Suraksha Sanhita, mwachidule BNSS, ya ndime 531. Zambiri zamkatimo ndi zomwezija, koma manambala abale inu. Zili ngati wadzuka mmawa wafika pa depoti ku Lilongwe wapeza minibasi zonse zasinthana zikwangwani usiku, ya ku Area 25 yalembedwa Kawale.

Taonani nokha. 173 mu CrPC ndi lipoti lomaliza la apolisi, lija amati charge sheet, kusonyeza kuti kafukufuku watha. 173 mu BNSS ndi FIR, First Information Report, lipoti loyamba lomwe apolisi amalemba, chiyambi penipeni cha mlandu pomwe munthu wangofika kumene pa polisi kudzadandaula. 482 kale inali mphamvu za High Court zothetsa mlandu wopanda mutu, pano 482 ndi belo yopempha usanamangidwe yomwe kale inali 438, ndipo mphamvu za High Court zija zathawira ku 528. 144 yomwe ngakhale wogulitsa tiyi pamsewu amaidziwa kuti ndi yoletsa anthu kusonkhana, pano ndi ya chithandizo cha mkazi, ana ndi makolo okalamba yomwe inali 125, ndipo yoletsa misonkhano ija ndi 163. Nde mukalemba kuti "ndime 173" basi osanena ya buku liti, mphunzitsi sadziwa ngati mukudziwa kapena mukungoponya.

Chomwe chinandithandiza ine ndi pepala lalikulu lomwe ndinamata pakhoma ku hositelo. Sindinalembe motsata manambala, ndinalemba motsata ulendo wa munthu mmodzi kuchokera pomwe wina wakamudandaulira ku polisi mpaka jaji wagamula, nde pa siteji iliyonse manambala awiri, yakale kumanzere yatsopano kumanja. Buku la ndondomekoli mukaliwerenga ngati nyuzipepala kuyambira tsamba loyamba mugona pa mutu wachitatu, koma mukamutsatira munthuyo, pano ali mu selo, pano akudikira majisitireti, pano achibale akusaka omusainira belo, zimalowa zokha.

Siteji yoyamba ndi kusiyanitsa milandu. Cognizable ndi umene apolisi angathe kumanga munthu popanda chikalata cha khoti komanso kuyamba kufufuza okha, non-cognizable amadikira kaye majisitireti awalole. Bailable ndi non-bailable ndi nkhani ina payokha, musazisakanize, ndipo non-bailable sikuti belo kulibe, kungoti si ufulu wako wongotenga, khoti limayang'ana kaye. Zonsezi zili pa tebulo kumapeto kwa bare act, kabuku ka lamulo lokhalokha kopanda ndemanga komwe aliyense amayenda nako. Gulani kanu, kamene kali ndi tebulo lofananitsa manambala akale ndi atsopano, sikadula.

Pa FIR mlandu woti musauiwale ndi Lalita Kumari wa 2013, majaji asanu a Supreme Court anati dandaulo likaonetsa mlandu wa cognizable wapolisi alibe chisankho, alembe FIR basi. Koma BNSS yatsegula kakhomo kena pa 173(3), pa milandu ya chilango cha zaka zitatu mpaka zosafika zisanu ndi ziwiri wapolisi atha kupempha chilolezo kwa bwana wake nkuchita kafukufuku woyambirira wa masiku 14 asanalembe. Aphunzitsi amalikonda funso limeneli, ati kodi Lalita Kumari akadali moyo? Ine maganizo anga kakhomoka kamapatsa wapolisi mpata wochedwetsa munthu wosauka amene sadziwa kolowera, ndipo ndinalemba choncho, bola mupereke mbali zonse kaye. Mbali yabwino ndi yoti Zero FIR pano yalembedwa m'lamulo momwemo, utha kudandaula pa polisi iliyonse ngakhale zinachitikira kwina iwo nkutumiza koyenera, ndipo utha kutumiza dandaulo pa intaneti bola ukasaine pasanathe masiku atatu.

Pa kumanga munthu pali mayina awiri, D.K. Basu ndi Arnesh Kumar. Woyambayo ndi uja anakhazikitsa zoti pakhale chikalata chosonyeza nthawi yomwe wamangidwa, mboni isaine, wachibale auzidwe, dokotala amuone. Wachiwiriyo ndi wa 2014, unachokera ku milandu ya nkhanza za m'banja zokhudza chuma chomwe akuchikazi amapereka pa ukwati, khoti linati pa milandu ya zaka zisanu ndi ziwiri kutsika pansi musamangothamangira kumanga, mupatseni munthu notisi abwere yekha, yomwe inali 41A pano ili mu 35. Apa samalani ndi zakwathu zomwe zili m'mutu. Ife tinazolowera maola 48 a pa ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko la Malawi, ku India ndi maola 24, Article 22 ya malamulo aakulu a dzikolo, osawerengera nthawi ya ulendo wopita kukhoti. China chomwe chimadabwitsa munthu wochokera kwathu, kuvomera mlandu pamaso pa wapolisi ku India si umboni, khoti sililandira, kupatula kachigawo kaja komwe kathandiza kupeza chinthu monga mpeni womwe unabisidwa. Ngakhale zomwe mboni yauza apolisi pa 161, pano 180, sisainitsidwa n'komwe. Wofuna kuvomera amapita naye kwa majisitireti pa 164, pano 183. Kwathu caution statement, zomwe woganiziridwa wanena ku polisi atachenjezedwa, imawerengedwa mukhoti, nde mutu umafuna kukokera komweko.

Rimandi ndiye mtima wa phunziro lonse, 167 yakale, 187 yatsopano. Masiku 15 m'manja mwa apolisi, kenako kundende podikira. Apolisi akapanda kupereka charge sheet m'masiku 90 pa milandu ikuluikulu ya imfa, moyo wonse kapena zaka khumi kupita mtsogolo, kapena masiku 60 pa inayo, munthu ali ndi ufulu wotuluka pa belo, amati default bail, zilibe kanthu mlandu ndi woopsa bwanji. Koma apemphe msanga, akangozengereza apolisi nkubweretsa charge sheet iye asanapemphe ufulu uja wapita. Chomwe BNSS yasintha ndi choti masiku 15 aja atha kutengedwa pang'onopang'ono mkati mwa masiku 40 kapena 60 oyambirira, pomwe kale makhoti ankati ndi masiku 15 oyambirira okha. Apa maloya ambiri anadandaula ndipo ndi funso lina lomwe limabwerabwera.

Zonsezi zinakhazikika bwino m'mutu nditayamba kupita ku khoti la ku Shivajinagar masana ndikaweruka. Pitani ndithu, palibe amene akuthamangitseni bola muvale bwino muzimitse foni. Panja pali matebulo a anthu otaipa zikalata, maloya a majekete akuda ndi timaliboni toyera pakhosi dzuwa likuswa mtengo, mafayilo omanga ndi ulusi. M'makhoti ang'onoang'ono zambiri zimayenda m'chilankhulo cha Marathi nde ndinkakhala pafupi ndi mnzanga wa m'kalasi amene ankandinong'oneza. Nthawi ya rimandi ikakwana mumangomva PCR, MCR, kutanthauza rimandi ya m'manja mwa apolisi ndi ya kundende, woimira boma akupempha masiku ena m'manja mwa apolisi ati sitinapeze foni yomwe inabedwa, loya wa woganiziridwa akuti mwakhala naye kale mwapeza chiyani, majisitireti nkumufunsa mwini wake ngati ali ndi dandaulo lililonse pa mmene apolisi amusungira, zonse mphindi zochepa chabe wina walowa. Chomwe chinandigwira maso ndi mmene amawabweretsera, wapolisi wagwirana dzanja ndi woganiziridwa zala zitalukana ngati abwenzi akupita kumsika, opanda unyolo. Mnzanga uja anangoti Prem Shankar Shukla, 1980, mlandu umene Supreme Court inaletsa kumangomanga anthu unyolo mwachisawawa. Ndiye madzulo ake tinakatsegula BNSS 43(3) yomwe pano ikulola unyolo pa milandu ina yoopsa, tinakangana mpaka tiyi kuzizira.

Nde deti likulowa pati? Ndime yomaliza ya BNSS, 531, imati apilo, pempho, kuzenga kapena kafukufuku zomwe zinali zili mkati pofika 1 Julayi 2024 zipitirire ndi CrPC. Ndipo mlandu womwe unapalamulidwa lisanafike tsikulo chilango chake chimachokera mu IPC yakale chifukwa munthu sungamulange ndi lamulo lomwe kunalibe. Nde mutha kupeza fayilo imodzi mlandu ndi wa IPC ndondomeko ndi ya BNSS chifukwa anakadandaula mochedwa, ndipo ma High Court a m'zigawo anasiyana maganizo pa tinthu tina ta pakatipa. Amene akuuzeni kuti CrPC musaiwerengenso akukunamizani, milandu ya kale ikhala m'makhoti zaka zambiri ndipo zigamulo zonse zomwe mukuloweza zikutchula manambala akale.

Tsopano za chuma cha masiye, kumene ine ndinasangalala kwambiri ngakhale masamu ake ankandituluka thukuta.

Choyamba Mhindu ndi ndani pa lamuloli. Hindu Succession Act ya 1956 pa ndime 2 imakhudza Ahindu, Abuda, Ajaini ndi Asikh. Asilamu, Akhristu, Aparsi ndi Ayuda ali ndi zawo. Mitundu ya anthu yomwe boma linaiika pa mndandanda wapadera, ija amati Scheduled Tribes, ilibemo pokhapokha boma lalikulu litalengeza. Funso likangotchula kuti banjali ndi la mtundu wotere, ndi msampha umenewo.

Chachiwiri pali masukulu awiri a kaganizidwe. Mitakshara, yomwe analemba Vijnaneshwara, imagwira pafupifupi India yense, Dayabhaga ya Jimutavahana ndi ya ku Bengal ndi Assam. Ku Dayabhaga bambo ali moyo mwana alibe chake, amadikira maliro. Ku Mitakshara mwana akangobadwa wakhala kale mwini wake wa chuma cha makolo limodzi ndi bambo ake, atha ngakhale kupempha kuti agawane bambo ali moyo akuyang'ana. Gulu la eni ake obadwa nawo ufuluwa ndi lomwe amati coparcenary, limatenga mibadwo inayi, mwini wamkulu, mwana, mdzukulu ndi chidzukulu, ndipo kale linali la amuna okhaokha. Gawo lako silikhazikika, kukabadwa mwana limachepa, ndipo pa mwambo wakale wina akamwalira linkakula chifukwa otsalawo ankangomeza gawo lake. Woyendetsa zonse ndi karta, kawirikawiri wamkulu pabanjapo, amatha ngakhale kugulitsa munda pakagwa vuto lenileni monga matenda kapena ngongole ya banja.

Ine wakwa Achewa zimenezi zinandipeza chagada. Kwathu mwini mbumba ndi malume, munda umayenda kuchikazi, mkamwini ndi mlendo. Kuno zonse zatembenuka, mwana wamkazi ndi amene ankatengedwa ngati wodutsa. Nditawafotokozera anzanga za chikamwini ambiri anaseka ngati nthano, kupatula mtsikana wina wa ku Kerala amene anati agogo ake anakulira momwemo, kwawo amati marumakkathayam, chuma chimatsata mzere wa mayi ndipo woyang'anira ndi malume wamkulu, karanavan. Ndime 17 ya lamulo la 1956 imawatchula anthu amenewa, ndipo Kerala inadzathetsa dongosolo lonse la chuma cha banja limodzi ndi lamulo lake la 1975. Nde funso likati banjali ndi la ku Kerala imani kaye musanayambe kuwerenga ma coparcener.

Chachitatu, chuma chake ndi chiti. Pali cha makolo chomwe ana amabadwa nacho ufulu, pali chomwe munthu wadzipezera yekha chomwe atha kulemba wilo nkupatsa amene wamukonda. Mwamuna akamwalira wopanda wilo chake chodzipezera chimayenda pa ndime 8, poyamba Class I, ikasowa Class II, kenako achibale a kuchimuna, kenako enawo. Mu Class I muli mwana wamwamuna, mwana wamkazi, mkazi wamasiye, mayi ake a malemu ndi ana a ana omwe anatsogola kale. Bambo ake a malemu mulibemo, ali mu Class II. Inde, mayi alandira bambo ayang'ana. Izi zimagwetsa anthu chaka ndi chaka chifukwa mtima umakana. Ndipo kuchokera pa mlandu wa Chander Sen wa 1986, chomwe mwana walandira kwa bambo ake kudzera pa ndime 8 ndi chakechake, ana ake sabadwa nacho ufulu, nde si chilichonse chochokera kwa agogo chomwe ndi cha makolo pa lamulo.

Masamu enieni ali pa ndime 6, pomwe umayerekeza kuti banja linagawana chuma kamphindi malemu asanatsirizike kuti upeze gawo lake. Ine ndinaimvetsa ndi mlandu wa Gurupad ndi Hirabai wa 1978, wochokera ku Maharashtra konkuno. Khandappa anamwalira nkusiya mkazi, ana aamuna awiri ndi aakazi atatu. Pa kugawana kongoyerekezako iye, ana aamuna awiri ndi mkazi aliyense 1/4, chifukwa kuno bambo akamagawana ndi ana ake mkazi amapatsidwa gawo lofanana ndi la mwana wamwamuna, kumwera kwa India mwambo umenewu kulibe. Kenako 1/4 ya malemu igawidwe kwa anthu sikisi, aliyense 1/24. Mayi aja atenga 1/4 kuphatikiza 1/24 yomwe ndi 7/24, ana aamuna 7/24 aliyense, ana aakazi 1/24 basi. Tsopano tengani banja lomwelo bambo amwalire 2005 itadutsa. Ogawana poyamba akhala seveni chifukwa atsikana atatu aja alowa, aliyense 1/7, kenako 1/7 ya malemu kwa anthu sikisi ndi 1/42, aliyense atuluka ndi 1/6. Mtsikana wachoka pa 1/24 wafika pa 1/6, banja lomwelo munda womwewo, chasintha ndi chaka chokha. Mukamaliza masamu phatikizani magawo onse, akapanda kukwana 1 penapake mwataya munthu.

Kusinthaku kunabwera pa 9 Sepitembala 2005 pomwe ndime 6 inalembedwanso kuti mwana wamkazi ndi coparcener mwa kubadwa chimodzimodzi wamwamuna, ufulu womwewo ngongole zomwezo, wokwatiwa kaya wosakwatiwa. Zigawo zina zinali zitatsogola kale, Andhra Pradesh m'ma 1980, Tamil Nadu 1989, Karnataka ndi Maharashtra 1994, koma kumeneko ankasiya kunja amene anali atakwatiwa kale. Deti lachiwiri ndi 20 Disembala 2004, kugawana kapena kugulitsa komwe kunachitika tsikuli lisanafike sikugwedezeka, bola kugawanako kukhale kolembetsa kuboma kapena kwa chigamulo cha khoti. Chifukwa chake n'chodziwikiratu, achimwene akanangodzuka nkunena kuti ife tinagawana kalekale pakamwa pansi pa mtengo achemwali mwachedwa.

Kenako Supreme Court yokha inadzisokoneza. Mu Prakash ndi Phulavati, 2015, anati bambo ndi mwana wamkazi onse akhale ali moyo pa 9 Sepitembala 2005. Mu Danamma, 2018, anapatsa ana aakazi gawo pomwe bambo anamwalira 2001. Maloya aliyense ankangotola chomukomera. Mpaka pa 11 Ogasiti 2020 majaji atatu motsogozedwa ndi Arun Mishra pa mlandu wa Vineeta Sharma anamanga mfundo, ufuluwu umabwera ndi kubadwa, nde zoti bambo anali moyo kapena ayi pa tsikulo zilibe ntchito. Pa mayeso fotokozani onse atatu motsatana, musangolumphira wa 2020, mamakisi ali pa kuonetsa kuti mukudziwa pomwe panali mkangano. Mukafuna kukometsera tchulaninso kuti High Court ya ku Delhi mu 2015 pa mlandu wa Sujata Sharma inati mwana wamkazi wamkulu atha kukhala karta.

Pomwe ine mtima unandiwawa ndi pa ndime 15, mkazi akamwalira wopanda wilo. Ndime 14 inachita bwino, inati chuma chomwe mkazi ali nacho ndi chakechake osati chongodyerapo ali moyo monga zinalili kale. Koma akamwalira chimapita kwa ana ndi mwamuna, akasowa amenewa chimapita kwa achibale a mwamuna, makolo ake omubereka amabwera pachitatu. Chomwe analandira kwa bambo kapena mayi ake chimabwerera kwa achibale a bambo ake ngati alibe ana, chochokera kwa mwamuna kapena apongozi chimabwerera komweko, koma chomwe anakhetsera thukuta yekha sichinaganiziridwe mwapadera. Werengani Omprakash ndi Radhacharan, 2009. Narayani Devi anaferedwa mwamuna patangotha miyezi itatu ali pabanja, akuchimuna anamuthamangitsa, anabwerera kwa makolo ake omwe anamuphunzitsa mpaka anapeza ntchito, anamwalira 1996 wopanda mwana wopanda wilo. Chuma chake chonse khoti linapereka kwa achibale a mwamuna omwe aja sanamuyang'aneko zaka zonsezo, majaji anavomereza kuti ndi zowawa koma anati chifundo sichingasinthe mawu a lamulo. M'kalasi tsiku limenelo atsikana analusa zedi. Ine ndinangokumbuka kulanda chuma kwa kwathu, kusiyana kwake kwathu lamulo la 2011 la Deceased Estates limati umenewo ndi mlandu ndipo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, pomwe apa akuchimuna sanalande, lamulo lenilenilo linawapatsa m'manja.

Komanso musaganize kuti za m'buku ndi zomwe zikuchitika kumudzi. Mnzanga uja wondinong'oneza kukhoti anandiuza kuti mayi ake anasaina hakkasod patra, chikalata chosiya gawo lako, kuti dzina lawo lichoke pa 7/12, pepala la kaundula wa minda ku Maharashtra, munda utsale kwa alongo awo. Palibe anawaopseza, anangoti akapanda kusaina adzapita bwanji kwawo pa chikondwerero, adzawalandira ndani. Mwana wake akuloweza Vineeta Sharma usiku wonse mayi anasaina kale. Zoterezi mukaziika mzere umodzi kapena iwiri kumapeto kwa yankho lalitali aphunzitsi amaona kuti simukungolakatula.

Pali malo angapo pomwe maphunziro awiriwa amakumana ndipo mafunso a viva, mayeso a pakamwa, amakonda pomwepo. Ndime 25 ya lamulo la 1956 imati wopha munthu sangalandire chuma cha amene wamuphayo, ndipo 27 imamutenga ngati anamwalira kale malemuyo asanamwalire. Chithandizo cha mkazi, ana ndi makolo chili m'buku la milandu osati la mabanja, nchifukwa chake chimagwira anthu a zipembedzo zonse, ndi pomwe panachokera mlandu wotchuka wa Shah Bano wa 1985. Ndipo abale akayamba kutulutsirana zikwanje pa munda, majisitireti amalowererapo ndi 145 yakale, pano 164, kungoona amene munda uli m'manja mwake kuti pasakhetsedwe magazi, za umwini amazisiyira khoti la milandu ya chuma. Onani 164 imeneyo, mu CrPC inali ya kuvomera mlandu pamaso pa majisitireti kkkk.

Pa funso lililonse la chuma jambulani mtengo wa banja musanalembe liwu, amuna bokosi akazi kabwalo, omwalira mtanda ndi chaka chake pambali, kenako mufunse malemu ndi mwamuna kapena mkazi, chumacho chinachokera kuti, banjali ndi la chigawo chiti. Chitani mafunso a zaka zam'mbuyo ndi anzanu a komweko, iwo mayina a chibale amawamva msanga chifukwa m'zilankhulo zawo amalume a kuchimuna ndi a kuchikazi ali ndi mayina osiyana, inunso zimenezo mukuzidziwa kuchokera kwathu nde simuli kumbuyo.

Amene mukufuna kudzagwira ntchito kumudzi, digiri ya ku India payokha sikulowetsani mukhoti, fufuzani msanga ku Malawi Institute of Legal Education zomwe akufuna musanafike chaka chomaliza, ndipo sungani masilabasi a phunziro lililonse. Criminal Procedure and Evidence Code yathu mudzaiona ngati yodziwika chifukwa zonse zinadutsa m'manja mwa Angerezi, koma manambala, maola ndi nkhani ya kuvomera mlandu ku polisi mudzayambenso pepala lina lapakhoma. Za Mitakshara mayeso a kwathu sadzakufunsani, pokhapokha tsiku lina mu ofesi mwanu ku Limbe mutalowa banja lomwe agogo awo anasiya munda ku Gujarat.